Mpweya wa m'Ming'oma ya a Lovro Pretnar

Kumudzi kwathu, kuseri kwa tawuni ya Radovljica, ukafunsa za a Lovro Pretnar anthu sakulozera nyumba yawo. Amakulozera kanyumba ka njuchi kali kumapeto kwa munda wa maapozi. Nyumba yogona ndi ya akazi awo, Mayi Zdenka, bamboyo amangopitako kukadya ndi kukakalipiridwa. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu pa fakitale yosungunula zitsulo, koma ukawafunsa kuti ankatani kumeneko amangoti, "Ndinkadikira Loweruka." Loweruka linali tsiku la njuchi.

Ntchito ya njuchi anawaphunzitsa ndi mkulu wawo, malemu a Cene, ndipo anawaphunzitsa ndi makofi omwe. Kanyumbako anamanga awiri, ka matabwa, ming'oma makumi awiri ndi inayi itasanjikizana ngati madilowa a kabati. Njuchi zimalowera kunja, mwini wake amatsegula kumbuyo ali m'kati. Makolo athu chifuwa chikawavuta ankangolowa m'kanyumba kotere masana n'kugona pabenchi, kupuma fungo lofunda la phula ndi uchi. A Lovro atapuma pantchito anapita kukaphunzira njira yatsopano: paipi yochokera pamwamba pa mng'oma umodzi, kachipangizo kokoka mpweya, ndi chophimba pamphuno ndi pakamwa. Satifiketi anaikhomera pakhoma pamalo poti aliyense wolowa aione asanaone china chilichonse. Alendo ankachokera kulikulu ku Ljubljana, ena kutsidya kwa malire, kudzakhala pampando theka la ola akupuma mpweya wa njuchi.

Matenda awo a Lovro kunali kunyada, ndipo zimenezi tizinene poyera. Kumsonkhano wa alimi a njuchi sankalola mnzawo kumaliza chiganizo. "Inu mumaweta njuchi ndi foni," ankatero kwa achinyamata. "Ine zaka makumi anayi, sindinalakwitsepo mng'oma." Anthu ankang'ung'udza, koma uchi wa munthuyo unali wabwinodi, ndiye ukanawauza chiyani?

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankawakwanitsa, mlamu wawo Mayi Rozka, mkazi wa malemu a Cene. Mayiyu anali ndi mphumu ya kalekale, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ankabwera panjinga kudzapuma.

"Mlamu, mwabweranso kudzandibera mpweya wanga?" a Lovro ankawalonjera chotero.

"Wanu? Mukanakhala kuti mumapumira ndinu m'paipimu, bwenzi nditafa kalekale ndi fungo la adyo. Sunthani ndikhale."

Kaya mpweyawo unkawathandizadi kaya ayi, ife sitidziwa, koma mayiwo ankachoka akuseka. Kwawo anali ndi ming'oma isanu imene anawasiyira amuna awo. Ana anali atabalalika, m'nyumba munali zii, ndiye m'mawa uliwonse ankatenga khofi wawo kukamwera pafupi ndi ming'omayo, n'kumaiuza nkhani zonse za m'mudzi ngati akuuza a Cene.

Tsoka linabwera mu Ogasiti. Uchi ukakololedwa, mlimi aliyense amaika asidi m'ming'oma kuti aphe nthata zimene zimayamwa njuchi. Asidi wake ndi waukali, ukangoununkhiza misozi mbwee. Mng'oma wa paipi suikidwa asidi nthawi imene anthu akupuma, ili ndi lamulo loyamba, ndipo a Lovro ankalilalikira kumsonkhano chaka ndi chaka. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi paipi inali pa mng'oma wa pakona. Koma mu Juni njuchi za pakonazo zinafooka, iwo n'kusamutsira paipi pa mng'oma woyandikana nawo. Lolemba lina mu Ogasitimo, poika asidi, manja anachita zimene anazolowera. Anadumpha wa pakona bwinobwino, n'kuika asidi mu wa paipi.

Lachiwiri Mayi Rozka anafika, anakhala pampando, anavala chophimba chija. Anakoka mpweya kawiri. Kachitatu anangoti chophimba fwaa, maso tong'o, manja pakhosi, n'kutsetsereka pampando mpaka pansi. A Lovro anatola chophimbacho, ndipo chisanafike n'kumphuno komwe fungo linawalasa. Anadziwa pompo chimene anachita.

Ambulansi inabwera msanga. Wachipatala, akuwaveka mayiwo mpweya wa m'botolo, anafunsa a Lovro kuti, "Bambo, chachitika n'chiyani? Yawaluma njuchi? Apuma chiyani?"

Panjira panali pataima anthu oyandikana nawo, ena mwa iwo alimi a njuchi omwe aja ankawanyoza kumsonkhano. A Lovro anawayang'ana, anayang'ana pansi. "Mpweya wa masiku onse," anatero. "Mwina thupi lawo layamba kudana ndi njuchi. Zimachitika munthu akamakula."

Ambulansi itangokhota, analowa m'kanyumba, anatulutsa asidi uja mu mng'oma wa paipi, n'kukamutaya kuseri. Munthu wamkulu, wa imvi, akubisa umboni ngati mwana amene waswa mbale! Posamba anadziona pagalasi la m'bafa, n'kuzimitsa getsi.

Mayi Rozka anagona m'chipatala masiku atatu. Dokotala anamva zimene ananena mwini njuchi, munthu wa satifiketi, ndiye analamula kuti mayiwo asayandikirenso njuchi mpaka adzapimidwe bwinobwino, ndipo mzera wa kopimako unali wa miyezi. Mwana wawo wamkazi, Metka, anabwera kuchokera ku Ljubljana ali ndi mantha, n'kugamula kuti ming'oma isanu ija ichoke pakhomo. Amayi ake anakana, analira, koma pamapeto pake anagonja.

A Lovro anakawaona kamodzi kokha, atanyamula mkate wa mtedza umene anaphika Mayi Zdenka. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa pabondo.

"Musadandaule, mlamu," anatero Mayi Rozka, mawu atasasa. "Si inu. Ndi thupi langali, landiukira. Mwandisunga zaka zonsezi."

Akanawatukwana zikanakhala bwino. A Lovro anatuluka m'nyumbamo makutu akutentha, ndipo sanabwererenso. Paipi anaichotsa, alendo anawauza kuti nyengo yatha. Kumsonkhano wa mwezi umenewo anakhala kumbuyo osatsegula pakamwa, mpaka anzawo anafunsana ngati akudwala. Pakhomo chakudya ankangochitokosa.

"Abambo, mbale yanu ikubwerera yodzaza tsiku lachingati lero?" anafunsa Mayi Zdenka. "Ngati mwapeza wina wokuphikirani, nenani, ndipumeko."

"Palibe."

"Ndiye chakudyani n'chiyani?"

"Palibe, ndati."

Patatha milungu isanu, Loweruka m'mamawa njuchi zisanatuluke, galimoto ya Metka inaima pachipata ikukoka ngolo. Pangolopo panali ming'oma isanu ya a Cene, makomo ake atatsekedwa, itamangidwa ndi malamba. Mayi Rozka sanafune kuigulitsa kwa mlendo. Anati ipite kwa mlamu wawo, kwaulere, chifukwa ndi yekhayo amene angaisamale ngati mwini wake.

A Lovro ndi Metka anaitsitsa umodziumodzi n'kuiika pansi pa mtengo wa maapozi. Mayi Rozka anatsika m'galimoto koma sanalowe pachipata. Anaima kutsidya kwa msewu, mpango utaphimba mphuno ndi pakamwa, manja ali m'thumba la jasi. Mayi amene ankagwira zisa ndi manjamanja, njuchi zikuyenda pa zala zawo! Ankafuula ali komweko.

"Mlamu, wobiriwirawo ndi waukali, musautsegule kukachita mitambo! Wachiwiriwo mfumukazi yake ndi ya chaka chino. Wakumapetowo ndi waulesi, koma musauphatikize ndi wina, a Cene ankaukonda. Muziilankhulako, mwamva? Inazolowera."

Anatembenuka kuti akwere galimoto.

A Lovro anamva miyendo ikuwanyamula yokha. Anadutsa pachipata, anawoloka msewu, anavula chipewa. Metka anali pambali, Mayi Zdenka ataima pakhonde, ndipo mnansi wina anali atasiya kutchetcha udzu kuti aonere.

"Mlamu, imani. Thupi lanu lilibe vuto ndi njuchi."

"Mwasanduka dokotala liti?"

"Unali asidi. Ndinaika asidi mu mng'oma wa paipi. Ndinasokoneza ming'oma, ineyo. Ndinadziwa nthawi yomweyo muli pansi paja, ndinamva fungo pa chophimba. Wa ambulansi ndinamunamiza."

"Bambo aang'ono!" anakuwa Metka. "Mukuti chiyani? Amayi akanafa, inu mukudziwa chimene apuma, osawauza achipatala?"

"Eya."

"Chifukwa chiyani?"

"Panali anthu," anatero a Lovro. Atalimva yankho lawo lomwe, anakhumba nthaka ikanang'ambika.

Mayi Rozka anatsitsa mpango pang'onopang'ono. Anawayang'ana mlamu wawo, ndipo a Lovro anayembekeza chipongwe, kapena makofi ngati a mkulu wawo aja. Mayiwo analankhula motsitsa, moti mnansi uja sanamve kanthu.

"Kusokoneza mng'oma, ngakhale a Cene anasokonezapo. Masiku atatu a m'chipatala, amenewo ndikanakukhululukirani lero lomwe. Koma milungu isanu, mlamu! Milungu isanu ndakhala ndikumwera khofi m'chipinda, mawindo otseka, ndikuopa njuchi za amuna anga. Lamulungu lapitali imodzi inalowa kukhitchini. Inangotera pa tebulo, yotopa, miyendo ili ndi mungu. Chibadwire sindinaphepo njuchi dala. Ndinavula silipasi n'kuiphwanya. Ndinaipha chifukwa cha inu."



"Lolemba mupita nane kwa dokotala, mukanene nokha," anapitiriza mayiwo. "Tsopano kwezani ming'oma yanga pangolo. Metka, usawathandize."

Mng'oma wodzaza ndi wolemera ngati thumba la simenti, ndipo a Lovro anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu. Anakatenga wilibala. Anayenda maulendo asanu kuchokera pamtengo paja kufika kumsewu, anthu onse akuyang'ana, ndipo panalibe amene anatambasula dzanja.