Kukasaka 4G kutsidya kwa Shire

Ndinanyamuka ku Chikweo swala ya m'mawa itangotha ku mzikiti, foni nditaimanga pansonga ya chitenje. Chinali chaka chija mvula inadula chimanga chikungoyamba kumasula. M'fonimo munali vidiyo ya nkhokwe yathu yopanda kanthu ndi miyendo ya amayi yotupa. Achimwene anga a Yusufu, amene ali ku Joni, sankadziwa kuti njala yafika potere. Sindiwada, chifukwa akaimba amayi ankangoti tili bwino, ine n'kumavomera. Kwathu sudandaulira munthu wa kutali ngati wopemphetsa. Ndiye ndinati vidiyo ikalankhule yokha, koma inangozungulira masiku atatu osapita, pakona pa foni pali kachilembo ka E.

Wa kabaza ya njinga yamoto ananditengera K4,000 mpaka pa Nselema. Inali ndalama ya mbuzi yathu yomaliza, ndiye bampu aliyense ankandiwawa kawiri. Wa kabazayo ndiye anayamba kundizunguza mutu. Anati E ndi 2G, imangonyamula mawu ndi mameseji basi. Nditafunsa kuti nanga bwanji osangolemba 2, anati iye ndi wa kabaza, sanapange ndiye.

Pa Ntaja, cha m'ma teni, E anasanduka H. Ndinagula mango osapsa ophika a K200, n'kukhala pakhonde la golosale kumayang'ana foni. Vidiyo inayenda mpaka theka n'kuima. Wokonza mafoni pamenepo anati H ndi 3G, imathamanga kuposa E koma anthu akachuluka imatopa, choncho ndipite ku Liwonde kuli 4G. Bambo wina wogulitsa matemba a ku Chiuta anatsutsa kuti vuto ndi bandulo. Mnzake anati iyayi, ndi mitambo. Mitambo yake iti chaka chimenecho?

Minibasi inali K3,500. Ndinakhala moyandikana ndi mayi wina, mphunzitsi, amene anandimvera chisoni n'kuyamba kundiphunzitsa. Anati ma G amenewa ndi mibadwo: 2G ndi agogo, 3G mwana, 4G mdzukulu, ndipo 5G anabadwa kale m'mizinda ikuluikulu. Chimene 2G angachite ola lonse, 4G amatha usanamalize kupereka moni. Ndinafunsa kuti nanga agogowo akutani mpaka pano. Anaseka, nati akukhala kumudzi monga agogo onse. Tikutsetsereka kulowa Liwonde foni inalemba LTE, ine n'kuyesa kuti ndaiwononga. Mayiyo anati ndi 4G yemweyo, dzina lina chabe. Pamenepo ndinasiya kufunsa.

Ndinatsikira kutsidya kwa mlatho wa Shire, mbali ya Balaka, komwe kuli msuweni wanga, dzuwa lili paliwombo. Nditadina, vidiyo inapita ngati kuphethira, mpaka ndinapsa mtima. Ulendo wonsewu, mbuzi yonseyo?

Ndisanaibweze pachitenje, foni inalira. Anali achimwene, akuimba mooneka nkhope, chinthu chimene kwathu sichitheka. Zaka zisanu ndi chimodzi ndisanawaone. Anali atanenepa, ndevu zitayamba imvi.

"Pepani mayi," anatero, "ndikufuna mwini foniyo, Asiyatu."

"Ndine, achimwene."

Anangoti duu. Ndinayesa netiweki yathawa, ndinagwedeza foni, kuikweza m'mwamba. Koma chithunzi chinali choyera bwinobwino, iwo atagwira pakamwa. Vidiyo ija anali asanaitsegule n'komwe. Ndipamene ndinaona pakona pa foni kankhope kena kakang'ono, ka mafupa okhaokha, katavala mpango wanga. Ndinachita manyazi, kenako mantha.

"Asiyatu, wadya liti?"

Ndinangolira pamsewu pomwepo, anthu akudutsa.

M'mawa mwake ndinabwerera ndi matumba awiri a chimanga ogulidwa ndi ndalama ya achimwene. Za E, H ndi LTE zimandisokonezabe mpaka lero. Chomwe ndinaphunzira n'chakuti ndinayenda mtunda wonsewo kukaonetsa njala ya amayi, osadziwa kuti ndaisenza pankhope panga.