Munthu Amene Anasambitsa Atate Anga ku Tembwe

Atate anga anagwa kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi ku Tembwe, m'mawa wina wa mu Januwale, akupalira matimati anga. Nditathamangira kumeneko ndinawapeza ali chafufumimba m'matope, pakamwa patapotokera kumanzere, dzanja limodzi likukanda pansi pomwe linalo lili lende.

Ine ndinali nditatumizidwa kuchokera ku Chipata kudzaphunzitsa pasukulu ya kumeneko. Amama atamwalira ndinawatenga atate kuti tizikhala awiri, chifukwa mlongo wanga, mwana wawo wamwamuna yekhayo, anali kutali ku migodi. Atate anali kalaliki wa kukhoti asanapume ntchito, munthu womanga tayi ngakhale popita kukagula mchere.

Namwino wa pakiliniki anati ndi sitiroko, ndipo akufunika kupita kuchipatala chachikulu ku Chama. Koma mvula inali itatseka njira. Mitsinje inadzaza, ndipo dothi la m'chigwa cha Luangwa likanyowa limameza galimoto mpaka m'mimba. Anatipatsa mapiritsi, nati tidikire madzi aphwe. Ndinakwera pachulu pomwe foni imagwira, n'kuimbira mlongo wanga. Iye analira, nanenso ndinalira, basi. Panalibe podzera.

Vuto lenileni linayamba mawa lake. Atate anadziipitsira pogona. Kwathu mwana wamkazi saona thupi la atate ake, ndipo nditayandikira ndi beseni anandimenya ndi dzanja lamoyo lija, n'kugwira bulangete mwamphamvu. Misozi inkatsikira m'khutu mwawo.

"Choka," anatero, lilime likulemera. "Bola ndife."

Aphunzitsi anzanga aamuna anabwera, anaima pakhomo la chipinda, fungo litawalandira aliyense anakumbukira ntchito imene anaisiya. Sindiwaimba mlandu. Ndinkayesa kupukuta atate nditatembenuza nkhope, manja akufufuza pansi pa bulangete, iwo akubuula ngati ndikuwacheka. Kuwatembenuza ndekha sindinkatha. Posakhalitsa kumsana kunabuka zilonda, ntchentche zinadzaza m'nyumba. Ndinkalemba pabolodi ndikununkhiza zala zanga, ndikuopa kuti ana akumva fungo. Tsiku lina ndinagwada m'khitchini n'kupemphera pemphero limene sindinaganizepo kuti lingatuluke m'kamwa mwanga: "Mulungu, ngati simuwachiritsa, atengeni lero."

Lamulungu masana kunabwera anthu a mpingo kudzapemphera, motsogozedwa ndi mkulu wa mpingo. Anali mlimi wa mtundu wachisenga, wamtali, waimvi. Popeza abusa ankabwera patalipatali, iye ndiye ankalalikira, kuika maliro ndi kuweruza milandu ya mabanja. Akamadutsa, amayi ankagwada m'mbali mwa njira. Anaimba nyimbo imodzi pabalaza, anthu akubisa mphuno m'zitenje. Itatha, iye anauza onse kuti atsogole, n'kutsala yekha.

"Aphunzitsi, akuwasambitsa ndani adada?" anandifunsa.

Ndinangophimba nkhope.

Anavula jekete lake la kutchalitchi, nalikoleka pamsomali, napinda manja a shati. "Fundutsani madzi. Mundipatse sopo na chitenje chakale. Manje imwe mukhale panja."

Ndili pakhonde ndinamva atate akukalipa. Ankatukwana ndi mawu osamveka, kenako beseni linagubuduka. Mkulu uja anatuluka shati itanyowa, tsaya litakandidwa, napempha madzi ena. Analowanso. Patapita nthawi m'nyumba munati zii. Nditaloledwa kulowa, atate anali atagonekedwa chammbali pansalu youma, atametedwa ndevu, akuyang'ana khoma.

Anabweranso m'mawa mwake, ndi m'mawa winawo. Ankafika mathalauza atanyowa ndi mame, kuwanyamula atate ngati mwana, kutsuka zilonda ndi madzi amchere, kukataya zoipa kuchimbudzi ndi manja ake. Kwa nthawi yaitali atate sankamuyang'ana. Tsiku lina ndikubweretsa phala ndinawamva akufunsa, liwu lililonse likutuluka movutikira:

"Inu... mumaima kutsogolo. Bwanji... mukuchita izi?"

"Adada, amene ndimamulalikira kutsogoloko anagwada pansi n'kusambitsa mapazi a anthu ake. Ngati iye anagwira beseni, ine ndine ndani? Kwezani dzanja tivale shati."

Koma ntchito imeneyi inali ndi mtengo wake, ndipo sindine ndinkaulipira. Chimanga chinali chitayamba kukhwima, ndipo m'mawa ndi nthawi imene anyani amatsika m'minda. Munda wake unali kumalire ndi tchire. Mkazi wake anali ndi mwendo wodwala, sakanatha kuwathamangitsa. Tsiku lina mayiyo anafika kwathu akutsimphina, naponya zitsononkho zongodyedwa theka pamapazi anga.

"Onani. Ichi ndiye chakudya cha adzukulu anga. Imwe muli na malipiro a boma. Ise tidzadya chiyani?"

Ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinadziwanso kuti choyenera n'kuwauza kuti amuna awo asabwerenso. Koma ndinagwada m'matope, n'kugwira mapazi awo.

"Amama, ndilibe wina. Ndikhululukireni, ndilibe wina aliyense."

Anandiyang'ana kwa nthawi, nkhope ili gwa. Kenako anaona mabulangete amene ndinawaunjika pakhonde, osachapa chifukwa mphamvu zinali zitandithera. Anawamanga mtolo, nausenza, n'kumapita osatsanzika. Anabwera nawo ali oyera, koma sanandilankhule kwa mwezi wathunthu.

Kumpingo nakonso kunali manong'onong'o. Ena ankati mkulu wachepetsa mpando wake, manja ogwira zonyansa za mlendo sayenera kugawa mgonero. Bambo wina anakana kumupatsa moni wa padzanja pakhomo la tchalitchi, anthu akuona. Iye anangobweza dzanja lake m'thumba. Tsiku limenelo analalikira mwachidule. Anati ambiri tikufuna mpando wakutsogolo, koma Ambuye amayeza ukulu wa munthu poona amene wamuweramira. Sanatchule za kwathu. Ine ndinali kumbuyo, mutu uli pansi, ndikuona ngati ndine ndabweretsa manyazi onsewa pamutu pake.

Atate sanachire. Thupi linkangotha, phala linkabwerera pakona ya kamwa. Koma anasiya kumenya, ndipo m'mawa uliwonse maso awo ankakhala pachitseko. Mkulu uja akachedwa, ankakana kudya.

Njira inatseguka mu Epulo. Mlongo wanga anafika ndi galimoto yobwereka kuti tiwatengere ku Chipata. Powakweza, atate anagwira shati la mkulu uja ndi dzanja lamoyo lija, osafuna kusiya. Mlongo wanga anayesa kutambasula zala zawo, koma zinakana.

"Achimwene," atate anatero. "Tiyeni."

"Sindingathe, adada. Mwana wanu wamwamuna wafika. Ndamuonetsa mogwirira."

Anawamasula yekha chala chimodzichimodzi, nawaika dzanja pachifuwa, natseka chitseko. Atate analira mokweza mpaka tinawoloka mtsinje woyamba.

Anamwalira nyengo yozizira itangoyamba. Mkulu uja sanathe kubwera kumaliro, ulendo unali wautali. Nditabwerera ku Tembwe ndinapeza nkhokwe yake ili yosafika ngakhale pakati. Ndinawapititsira chimanga chimene ndinatha kupeza, koma sichinakwane, ndipo chaka chimenecho banja lawo linadya mango owiritsa kudikira mvula ina. Iye anaonda mpaka jekete lija linkamulendewera m'mapewa. Nditapita kukamuthokoza, anandifunsa ngati zilonda za kumsana zinapola atate asanamwalire. Ndinati zinatsala ziwiri. Anapukusa mutu, nati mwina mlongo wanga sankawatembenuza pafupipafupi.