Natsache wa Padepoti

Padepoti ya mabasi ankangomutchula kuti Natsache, chifukwa kwa zaka khumi ndi zinayi tsache silinachoke m'manja mwake. Anali mayi wamfupi, wamawu amphamvu, wolera yekha ana atatu. Mwamuna wake anafera pampando anzake atamutula kunyumba n'kunena kuti, "Asiyeni agone, mowa utha." Iye anamusiyadi. Kuchipatala anakamva kuti bamboyo anatsamwa ndi masanzi ake omwe. Namwino wina anamukhazika pansi n'kumufotokozera zoyenera kuchita munthu akaledzera chotero, ndipo palibe mawu amene anagwa pansi.

Lolemba lina masana, akusesa kuseri kwa galaja, anapeza anthu ataunjikana, akuseka. Pakati pawo panagona makaniko wa pamalopo, chagada, kukamwa yasa, mabotolo awiri opanda kanthu ali pambali.

"Wakhuta ameneyu," anatero dalaivala wina wamimba yaikulu. "Tamverani mkonono, ngati injini yakutha!"

Wina anati amuthire madzi ozizira. Wina anali atabwera kale ndi kapu ya tiyi kuti amumwetse.

Natsache anaponya tsache n'kugwada. Anamuitana, anamugwedeza phewa, kenako anamutsina khutu mwamphamvu. Kunali zii. Thupi linali lozizira, milomo itatuwa. Akapuma kamodzi, mpweya unkasowa mpaka Natsache kuwerenga khumi chamumtima.

"Woledzera wamba ukamutsina amakutukwana," anatero. "Awa sanagone, akomoka. Mowa wawasandukira poizoni. Achimwene, chotsani tiyi wanuyo, angatsamwe naye. Tagwirani miyendoyi."

Anamutembenuza chammbali, n'kupinda bondo lapamwamba kuti asagubuduke. Dzanja analiika kunsi kwa tsaya, chibwano n'kuchikweza pang'ono. Posapita nthawi masanzi anatuluka n'kuyenderera pansi. Kuseka kuja kunathera pomwepo. Natsache anavula juzi yake n'kumufunditsa.

"Adalaivala, lizani galimoto. Tikupita kuchipatala."

"Ndiye andisanzire m'mipando?"

"Ndidzatsuka ndine. Kodi ntchito yanga ndi iti?"

Njira yonse anakhala kumbuyo atamugwira mutu, khutu lili pa mpweya wake. Atafika anauza anamwino mmene anamupezera, ndi mabotolo amene anaona. Dokotala anati akanachedwa ndi ola limodzi, bwenzi nkhani ili ina.

Patatha sabata makaniko anabwera ndi mkazi wake, maso ali pansi. Mkaziyo anagwira manja a Natsache osafuna kuwasiya.

"Mayi, mwandibwezera bambo a ana anga."

"Bwanji osathokoza adalaivala? Anayendetsa ngati akuthawa apongozi."

Makaniko sanasiye mowa nthawi yomweyo. Anaterereka kawiri, koma Lachinayi lililonse amapita kukakumana ndi alangizi kuchipatala, ndipo tsopano miyezi isanu yatha asanalawe.

Bwana wa depoti atamva nkhaniyi anapempha Natsache kuti aphunzitse antchito onse. Anasonkhana m'galaja nthawi yopuma, koma panalibe wofuna kugona pansi kuti akhale chitsanzo. Pomaliza dalaivala wamimba uja anavula chipewa n'kudzigoneka pakatoni.

"Munditembenuze bwino, mayi, ndadya kumene."

Panafunika amuna atatu kuti amutembenuze. Natsache anawabwerezetsa kanayi, mpaka bondo ndi dzanja zinakhala m'malo mwake.