Mlandu wa makutu a Alinafe

Sabata ino ndinatsala pang'ono kuvomera chigololo chomwe sindinachite. Ondikakamizawo sanali adani ayi. Anali abale anga enieni, ndipo anandilonjeza kuti ndikangovomera andikhululukira ndi mtima wonse.

Ndiyambe poyambira. Kunyumba kwathu kuno ku Bembeke kwabwera khanda, dzina lake Alinafe. Sitinabereke ndife. Mayi ake anamwalira atangomubereka, abale anafunidwa koma osapezeka, ndipo ine ndi mkazi wanga, mayi a Fatsani, titayenda m'maofesi mpaka nsapato kuperepeseka, tinaloledwa kumutenga kuti akhale wathu. Za kukhothi zikadali m'njira, koma kwa ife nkhani inatha tsiku lomwe anatisanzira mkaka tonse awiri mu minibasi.

Anapeza anzake awiri pakhomo. Fatsani ali sitandade 2, Takondwa ali ndi zaka zinayi. Tsiku loyamba Takondwa anamufunsa mlendoyo dzina, osayankhidwa. Anamupatsa chimanga chokazinga, osalandira. Kenaka anandikokera pambali.

"Adadi, kunalibe wina woyenda kale? Uyu sanamalize kumupanga."

Kuyambira pamenepo Takondwa anaiwala kuyenda. Akufuna kumsana, akufuna botolo, ndipo akalira Alinafe nayenso amalira, kuti pasakhale wopambana. Matewera nawo m'nkhungu ya kuno sauma, choncho timawayanika pamwamba pa mbaula, moti mwana wathu amanunkhira ngati nsomba yowamba. Tulo tinatsanzikana nato. Koma sindinaonepo nyumba yathu ili yosangalala chonchi.

Osasangalala anali akwathu. Titawauza maganizo athu, azakhali anga aNangozo, mlongo wawo wa malemu bambo anga, anangoti, "Mwana wa mwini ndi gaga, saundika. Magazi osawadziwa amenewo, mudziwa bwanji ngati kwawoko kulibe misala kapena kuba?" Anayankhula ngati kuti kwathu zinthu ziwirizi timangozimvera pa wayilesi.

Khanda litafika, palibe wachibale anaponda pakhomo. Anzathu a kumphakati wa tchalitchi anabwera, ngakhale wogulitsa makala anabwera ndi sopo, koma amagazi anga zii.

Lamulungu lapitali, potuluka ku Misa, azakhali anatulukira. Sanabwerere mwana. Anabwerera mpope wopopera mbatata. Anakhala pakhonde chofulatira, maso ali kuphiri, pamene mayi a Fatsani anali atamukhazika Alinafe pamphasa kuti aothere kadzuwa.

Mukudziwa inu kuzizira kwa kuno. Chibwerereni, mwanayu anali asanaonekepo panja opanda chipewa chaubweya. Koma tsiku limeneli Takondwa anaona kuti chidole chake cha chitsononkho chikuzizidwa kuposa khanda, basi n'kuzula chipewa chija.

Apa ndiyenera kukuuzani za mtundu wathu. Ena amasiyirana ng'ombe, ena minda. Ife timasiyirana makutu. Ndi aakulu, otambalala ngati zogwirira poto, moti kusukulu anzanga ankanditcha Ndege. Azakhali nawo ali nawo, kungoti duku limawasungira chinsinsi.

Ndiye chipewa chitachoka, makutu a Alinafe anatambasuka, lina uku lina uko.

Azakhali anacheuka. Anayang'ana mwana, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso mwana. Dzanja lawo linalowa lokha m'duku.

"Tabweretsani kuno mwanayo."

Anamutembenuza uku ndi uku ngati akusankha kabichi pa Linthipe. Kenaka anandiyang'ana ndi maso achifundo omwe sindinawaonepo chibadwire.

"Iwe, bwanji sunanene?"

"Kunena chiyani, azakhali?"

"Khala chete. Bambo akonso anali choncho."

Mwa mawu amenewa ndinapeza mwana wapathengo n'kutaya mbiri ya bambo anga nthawi imodzi. Azakhali anamubereka Alinafe kumsana, kumuimbira nyimbo, ndipo anapita kwawo madzulo ataiwala mpope.

M'mawa mwake pakhomo panali ngati paukwati. Azakhali anafika ndi nkhuku, asuweni ndi ufa, wina ndi masokosi oluka. Nthungululu mpaka agalu kuthawa. Mayi a Fatsani anagwetsa misozi, poganiza kuti mapemphero athu ayankhidwa. Chimwemwe chawo chinatha pamene amayi aja anawatengera kukhitchini n'kuyamba kuwapepesa.

"Pirirani, mulamu. Mwamuna ndi tonde, azinunkha."

Pofika Lachiwiri mayi wa mwanayo anali atapezeka kale. Ena ankati ndi wogulitsa tomato pa Linthipe, ena ankati ndi wophika tiyi ku Boma, ndipo panapezeka munthu wolumbira kuti anationapo tili limodzi pa njinga. Chomwe onse anagwirizana n'chakuti ndine wochenjera: kubereka kunja, kumuzembetsa mwana kudzera m'maofesi, n'kumulowetsa m'nyumba ndi zidindo za boma. Aka kanali koyamba kuti abale anga andiyamikire nzeru.

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati mayi wa mwanayu sindinamuonepo, ngakhale chithunzi chake. Ndinati makutu aakulu ali ponseponse m'Malawi muno. Aliyense ankangogwedeza mutu mwaulemu, monga timachitira ndi munthu woledzera amene akutiuza kuti sanamwe.

Lachitatu abambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo anga, ananditengera kumunda wa mbatata kuti tikayankhule zachimuna.

"Mwana wanga, nkhaniyi ndi yaing'ono," anatero. "Lachisanu tikumana pabanja. Uvomere, upepese mkazi wako ndi mbuzi imodzi, basi. Mwanayo timupatsa mfunda wathu wa aNgozo. Ndime ya kumtunda ija idzakhala yake. Akadzadwala tidzamuyendera, akadzakwatiwa tidzamuimira."

"Nanga ndikakana, poti sindinachite?"

Anathyola tsamba la mbatata n'kuliyang'anitsitsa ngati lagwidwa ndi chiwawu.

"Ukakana ndiye kuti ndi mlendo. Moni tizimupatsa, ife si anthu oipa."

Owerenga anga, musandiseke, koma ndinaiganizira nkhaniyi. Ndinaima m'munda muja mtima ukuwawa, n'kumadzifunsa kuti dzina langa ndi chiyani poyerekeza ndi mwana amene alibe wina aliyense padziko. Bodza limodzi ndi mbuzi imodzi, Alinafe n'kupeza agogo, asuweni ndi munda. Ndi bambo uti amene sangaime kaye?

Koma taonani pomwe tafika. Mwana yemweyo, thewera lomwelo, kulira komweko. Pamene anali wamasiye, wotengedwa mwachikondi, mwamuna ndi mkazi atagwirizana masana dzuwa likuswa mtengo, anali gaga. Atangosanduka chipatso cha chinyengo, wobadwa mkazi wanga akupusitsidwa, anayenera nkhuku ndi nthungululu. Kodi ndiye kuti kwathu kuno tchimo lili ndi abale ambiri kuposa chifundo?

Sikuti ndife anthu ouma mtima. Palibe nyumba kuno yomwe sinalerepo mwana wa mchemwali kapena wa achimwene. Pamaliro timagawana ana amasiye tisanagawane n'zovala zomwe. Koma chifundo chathu chili ngati madzi a m'ngalande ya kudimba: chimayenda mokhamo momwe makolo anakumba. Mwana akangochokera kunja kwa ngalandeyo timayamba kufunsa za misala ya kwawo.

Pakamwa ndiye timatha. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe" timanena pa ubatizo, pa chinkhoswe, ngakhale pamsonkhano wa makolo kusukulu. M'tchalitchi mwathu muli chifaniziro cha mmisiri wa matabwa uja amene analera mwana wosakhala wa magazi ake. Amene amachipukuta fumbi Loweruka lililonse ndi azakhali anga.

Nditafika kunyumba ndinawapeza mayi a Fatsani akufinya matewera, n'kuwauza zonse. Ndinaonjezera kuti mwina, chifukwa cha mwana, tikhoza kungowalola akhulupirire zomwe akufuna. Anafinya thewera lija mpaka ndinalimvera chisoni.

"Bambo a Fatsani, ine kunyozeka ndikhoza kupirira. Koma mayi wa mwanayu ali m'manda, sangadziyankhire. Anasiya mwana, ife tatenga. Ndiye timulandenso ulemu, timusandutse wolanda amuna a eni? Alinafe akadzakula n'kufunsa za mayi ake, mudzamuuza za tomato wa pa Linthipe?"

Nthawi yomweyo tinamva kulira kuseri kwa nyumba.

Anali Fatsani. Tinamupeza atakhala pa mtondo, galasi la njinga lili m'manja, khutu lililonse atalipana ndi zopanira zovala, n'kumangirira timiyala kuti akokeke. Makutu anali psuu. Paja ndinaiwala kukuuzani: Fatsani ndi Takondwa anatengera mayi awo. Timakutu tawo n'tating'ono, togona bwinobwino ngati ta mbewa.

"Agogo akuti wa makutu ndiye wa pano," anatero akusisima. "Nanga ine munakanditenga kuti?"

Takondwa anali pambali pake, naye atapana khutu limodzi, kudikira kuti mkulu wake amalize ndi galasi.

Mayi a Fatsani anachotsa zopanira zija chimodzichimodzi osanena kanthu. Ine ndikawaona ali chete chonchi ndimadziwa kuti kwinakwake kugwa mtengo.

Lachisanu masana abale anadzaza pakhonde. Azakhali anafika molawirira n'kumubereka Alinafe, monga anachitira sabata yonseyi. Mbuzi ya chipepeso inali itabwerekedwa kale kwa asuweni, ili pachingwe, ikudya maluwa athu. Abambo aang'ono anatsegula ndi pemphero, n'kunena kuti munthu salakwira mtengo, kenaka onse anatembenukira kwa ine ndi nkhope zokonzeka kukhululuka.

Amene anaimirira anali mayi a Fatsani. Anagwada pang'ono mwaulemu, n'kuimika Fatsani ndi Takondwa kutsogolo kwa anthu.

"Azakhali, pepani, ine ndine wobwera, zambiri sindidziwa. Mwati makutu ndiwo mboni. Ndiye tayang'anani awiriwa. Ngati wa kumsana kwanuyo ndi wa bambo a Fatsani chifukwa cha makutu, awa ndi a yani? Iwo akavomera mmodzi, ine ndivomera awiri. Mukabwereke mbuzi zina ziwiri, tithere limodzi."

Kunangomveka mbuzi ikutafuna.

Abambo aang'ono anatsokomola n'kunena kuti makutu nthawi zina amadumpha ana ena. Mayi a Fatsani anayankha kuti ngati amatha kudumpha ana, ndiye kuti amathanso kumera kwa anthu ena osapempha chilolezo kwa aNgozo. Msuweni wina anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa.

Kenaka ndinaimirira ine. Ndinati mkazi wanga sindinamuchimwire. Ndinati mayi wa Alinafe anali munthu wa ulemu wake ndipo pakhomo panga sadzatchulidwa mwachipongwe. Ndinati mwanayu alibe dontho la magazi athu, ndipo ndi mwana wanga, lero ndi mawa, kaya mfunda mumupatsa kaya ayi.

Ndinkayembekeza phokoso. Sikunabwere phokoso. Ndinangoona nkhope za abale anga zikugwa ndi manyazi, ndipo sindikudziwa ngati anali manyazi a zomwe anandinamizira kapena okhumudwa kuti mwana wawo ndi wokhulupirika.

Alinafe anali m'tulo, tsaya atalitsamiritsa pamsana pa azakhali, kadzanja katagwira mkanda wa kolona yawo. Kenaka azakhaliwo anayamba kumasula chitenje. Anamasula pang'onopang'ono, mosamala, monga amachitira munthu wodziwa ana. Anatanyula tizala tija pa kolona, n'kumupereka kwa mayi a Fatsani osamuyang'ana kumaso.

Mwana anadzuka. Sabata yonse anali atauzolowera msana umenewu, fungo lake ndi nyimbo zake. Anatambasula manja onse awiri kulozera kwa azakhali n'kuyamba kulira.

Azakhali anafika pa mpanda n'kuima. Anaima ndithu, chitenje chili m'manja, ndipo ndinaona mapewa awo akugwedera. Ndikhulupirira kuti mtima wawo unkafuna kubwerera. Koma anthu anali kuyang'ana, ndipo anatuluka.

Enawo anatsatira mmodzimmodzi, womaliza akukoka mbuzi. Tinatsala asanu pakhonde, mmodzi akulira. Zinandipweteka kuposa mmene ndingalembere pano.

Takondwa anayang'ana kumpanda, n'kugwira thewera la mng'ono wake kuti aone ngati lanyowa. Linali louma.

"Adadi, agogo amutsitsiranji? Sanawakodzeretu."

"Sanawakodzere, mwanangu."

"Nanga walakwa chiyani?"

Mpaka lero sindinamuyankhe, ndipo Takondwa saiwala funso. Inu amene mumadziwa bwino za magazi ndi mitundu, tandithandizani: mwana wa zaka zinayi ndikamuuze kuti mng'ono wake walakwa chiyani?