Jenereta ya a Kabeya Pamaliro

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza nditakhala pansi. Nditamaliza Fomu 4 ndinayenda ndi envelopu ya khaki ya satifiketi kufunafuna ntchito mpaka nsapato zinayasamula, kenako ndinangozolowera benchi ya pababashopu ya a Kabeya ku Bangwe, n'kumawerenga nyuzipepala zakale zopukutira kalilole. A Kabeya anali atangobwera kumene kuchokera ku Congo. Tsiku lina anandipatsa tsache.

"Wawerenga zokwanira, profesa. Sesa."

Anandiphunzitsa kuchotsa tsitsi m'mano a makina ndi kaburashi, kuthira sipiriti, kenako kadontho ka oyilo. Lezala ndi latsopano pamutu uliwonse. Koma mutu wa munthu sankandipatsa. Nditawafunsa chifukwa chake alendo sasowa chochita pomwe ife eni dziko tikungozungulira, anaseka. "Iwe ukasowa, amayi ako akupakulira. Nanga ine andipakulira ndani?"

Loweruka lina ananditumiza ku Limbe kukagula malezala. Kuseri kwa shopu kunali kutagwa maliro, ndipo pamsewu anali atayala masamba. Magetsi atazima, a Kabeya, osadziwa tanthauzo la masambawo, analiza jenereta n'kukweza rumba mpaka kumveka kusiwa.

Pobwera ndinapeza anyamata atazinga khomo, ena anzanga apabenchi pomwepo. "Ntchito mwatilanda, ulemunso mulibe? Tsekani muzipita!" Shopu ikanatsekedwa, ine ndikanabwerera ku envelopu ija. Ndinazimitsa jenereta, n'kuwavula kapu a Kabeya, tinapita kukagwada kwa a Chikopa, eni maliro. Mawu onse a m'nyuzipepala anandithawa, moti a Kabeya ndi amene anayankhula.

"Bambo, sindinadziwe. Ndipepese bwanji?"

A Chikopa anati, "Tsiku lometa achibale, mubwere ndi makina anuwo."

Tinapitadi. Achibale anali ambiri, ndiye a Kabeya anandigwiritsa makina ena a batire. Mutu wanga woyamba kumeta unali wa a Chikopa, ndipo ndinausiya mizeremizere ngati munda. Anaupapasa n'kunena, "Zili bwino mwanawe, mvula ikagwa tidzala." Ngakhale anamfedwa anaseka, ndipo nkhani yotseka shopu inathera pomwepo.

Lero ndili ndi babashopu yanga ku Machinjiri. Ndikaona masamba pamsewu ndimazimitsa wailesi. Ndikaona munthu wakhalitsa pabenchi, kaya ndi wakuno kaya wobwera, sindimufunsa za satifiketi. Ndimangomupatsa tsache.