Mthunzi wa Msawu Ukafika pa Mzere

Ndikakumbukira agogo anga aamuna a kwa Katunga, ndimamva fungo la fodya wa chingambwe litasakanikirana ndi fumbi la thonje limene ankalipondereza m'matumba pakhonde, mbuzi zikulira m'khola, dzuwa la kuchigwa likuswa mtengo. Anali munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo chimene ankadana nacho kwambiri ndi kuzengereza. Ndili wamng'ono, tikamatola thonje kumunda, ine ndinkalimbana ndi kukanula losaphulika ndi zala. Iwo ankakuwa ali kutali: "Iwe, lisiye ilo! Tola lophulika, linalo ulipeza pobwerera."

Liuma limenelo ndinakula nalo. Nditamaliza sekondale ndinalemba mayeso olowera ku yunivesite n'kulephera, chifukwa ndinakakamira funso limodzi la masamu mpaka nthawi inatha, masamba ena ndisanawatsegule n'komwe. Amalume ananeneratu kuti ndikalepheranso, za sukulu zithere pomwepo, ndikwatiwe.

Agogo sankatha kuwerenga, koma nkhaniyi inawawawa. Anapempha mphunzitsi woyandikana nafe kuti abwere ndi wotchi, napima pamene mthunzi wa msawu wa pabwalo umafika nthawi ya mayeso ikatha. Pamenepo analembapo mzere ndi ndodo yawo. M'mawa uliwonse ankandikhazika pampasa ndi mapepala a mayeso akale, iwo ali pa kampando, fodya ali kukamwa, diso lili pansi.

"Mthunzi ukagunda apa, ndilanda."

Ndipo ankalandadi, ngakhale ndili pakati pa chiganizo.

"Agogo, pang'ono pokha!"

"Nkhabe! Ndzidzi wamala," ankakana m'Chisena kuti nthawi yatha, pepala ataligwira chozondotsa. Akaona kuti ndakhalitsa pamalo amodzi ndikuluma cholembera, ankagogoda ndodo pansi: "Wayambanso kukanula thonje, eti?" Kunena zoona, masiku amenewo ndinkadana nawo nkhalambayo, ndipo ndinkalira ndi mkwiyo kuseri kwa nkhokwe. Koma pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kumaliza mthunzi usanafike.

Tsiku la mayeso ku Blantyre, funso lina la masamu linandiumira ngati chaka chatha chija. Ndinayamba kuluma cholembera. Kenako m'mutu mwanga ndinamva ndodo ija: go, go. Ndinalidumpha, ndinatola zophweka zonse mpaka tsamba lomaliza, ndipo pobwerera funso lija linali litaphulika lokha. Woyang'anira asanatiletse, cholembera changa chinali kale pa tebulo. Ndinapumira m'mwamba ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Nditafika kumudzi, agogo sanafunse za ulendo kapena ngati ndadya.

"Akulanda?"

"Ayi agogo, ndapereka ndekha."

Anaseka mpaka kutsamwa ndi utsi, n'kupita kukafufuta mzere uja ndi phazi, zotsatira zisanatuluke n'komwe.

Dzina langa linatuluka, ndipo amalume anaiwala msanga zimene ananena. Lero ndimaphunzitsa masamu, agogo anatisiya kalekale. Koma ndikaona mwana akuluma cholembera pa funso limodzi, ndimangozindikira chala changa chikugogoda pa tebulo lake.