Ndiwo Zopanda Mchere za Amake Tamanda

Pa Chinakanaka pali mayi wina wogulitsa nanazi amene sanyengerera kasitomala. Dzina lake ndi Esperanca, koma ambiri amangoti amake Tamanda. Ndi wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo odziwa mbiri yake amamupatsa moni ndi manja awiri.

Anabadwira ku Milanje, tsidya lija la Mozambiki. Anawoloka Muloza ali kamtsikana, nthawi ya nkhondo, mng'ono wake ali kumsana. Anakulira kufupi ndi Likhubula, ndipo kumeneko anakwatiwa ndi Bryson, mnyamata wonyamulira katundu alendo okwera phiri. Masiku amenewo Bryson anali wowuma ngati mpini wa khasu. Ankakwera ku Chambe chikwama cha mzungu chili kumsana, n'kutsika tsiku lomwelo akuimba mluzu.

Atakula anagula njinga yamoto n'kuyamba kabaza. Miyendo inapuma, pakamwa panayamba ganyu: tchipisi cha pachiwaya, kanyenya wa nkhumba, mchere wowaza ngati akuthira feteleza. Mimba itatuluka, abale ake anakondwa kuti zinthu zayamba kuyenda. Tsiku lina pa siteji ya Nkando anagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, n'kugwa pambali pa njinga yake.

Ku chipatala adokotala sanabise mawu. "Mtsempha wa kumtima unatsekeka. Ulendo uno apulumuka, koma akabwerera ku mafuta ndi mchere, ulendo wachiwiri sitilonjeza. Azimwa mankhwala, aziyenda pansi tsiku lililonse, kuyamba pang'onopang'ono."

Bryson anamva ndi khutu limodzi. Esperanca anamva ndi onse awiri.

Kuno kwathu wodwala timamugoneka pamphasa, n'kumuphera nkhuku. Choncho anthu anadabwa kuona Esperanca akutulutsa mwamuna wake m'mamawa, mame asanaume. Poyamba ankangofika pa mjigo, Bryson n'kukhala pamwala ali wefuwefu, munthu yemwe uja ankathamanga m'phiri. Kenako anayamba kufika pa mlatho, kenako m'mphepete mwa minda ya tiyi. Kunyumba ankapeza nandolo, chigwada, nthawi zina kalongonda, zonse zokoleretsa ndi tomato ndi ndimu. Mchere ayi.

Vuto linabwera ndi Lines, mlongo wake wamkulu wa Bryson, amene anadzazonda matenda. Analawa ndiwo, n'kuyang'ana mlamu wake nthawi yaitali. Aliyense wokulira kuno akudziwa kuti mkazi sasiya kuthira mchere popanda chifukwa. Masiku ake akumwezi amatuma wina kuti amuthirire, ndipo zimathera pomwepo. Koma miyezi yathunthu? Kwa Lines tanthauzo linali limodzi: mkaziyu akuyenda njira zamseri, ndipo akuopa kuti akathira mchere ndi dzanja lake mwamuna adwala tsempho. Nanga tsempholo siligwira pachifuwa? Ndiye kuti ngakhale kugwa kuja kwa pa Nkando anachititsa ndi iyeyo.

Nkhani yotere siyenda wapansi. Pamsika azimayi ena anayamba kudutsa nanazi wa Esperanca ngati wawola. Kutchalitchi benchi limene ankakhalapo linayamba kukhala ndi malo ambiri. Chimene chinamupweteka kuposa zonse n'chakuti Bryson sanamuikire kumbuyo. Munthuyo ndiwo zozizira zinali zitamufika pakhosi.

"Amake Tamanda, ingothirani pang'ono, anthuwa atseke pakamwa," anatero Bryson tsiku lina.

"Bambo a Tamanda, inu ndimakudziwani. Lero pang'ono, mawa mubwerera kuchiwaya," anayankha. "Kuli bwino azinditcha hule kusiyana n'kunditcha wamasiye."

Ananena molimba choncho, koma kuseri kwa nyumba analira. Dzina labwino ndi chuma chokhacho chimene anali nacho m'dziko limene anafikamo wopanda nsapato, ndipo ankaliona likutha ali maso. Komabe m'mawa mwake anadzutsa mwamuna wake, ulendo wa ku minda ya tiyi.

Mapeto ake Lines anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Anthu atakhala pakhonde, Esperanca ali kukhitchini kuwaphikira, Lines anatulutsa kapepala ka mchere m'chitenje n'kumuitana.

"Alamu, ife sitinabwerere ndewu. Ngati muli bwinobwino, thirani mchere uwu ndi dzanja lanu, achimwene adye tikuona."

Njira yoyeretsera dzina lake inali pomwepo, pachikhatho cha mlamu wake. Esperanca anatenga mcherewo, n'kubweretsa poto wamkulu wa nandolo wa alendo. Anathira anthu onse akuona, anatakasa, n'kupakula. Mbale yoyamba anapatsa Tamanda, mwana wake yekhayo wamkazi, amene anali ndi pakati potopa. Palibe mayi wodziwa kuti ndi wotentha amene angadyetse mwana wake woyembekezera mchere wa m'dzanja lake.

"Dzanja langa ndi limenelo," anatero. "Idyani nonse. Koma m'mbale ya bambo a Tamanda sindithira, ngakhale mundithamangitse lero."

Anaika kambale ka ndiwo zopanda mchere patsogolo pa mwamuna wake, pafupi ndi mbale za alendo zimene fungo lake linali kukoka mtima. Lines anakankhira mbale yake kwa mlongo wakeyo. "Tsempho limafuna mwini nyumba. Idyani izi, achimwene."

Esperanca anali atachita mbali yake yonse, ndipo zotsalazo sakanatha kumuchitira munthu. Dzanja la Bryson linaima m'malere pakati pa mbale ziwirizo.

"Achemwali," anatero pomaliza, "tsiku limene ndinagwa, mchere ndinali nditawaza ndekha pachiwaya. Dzana ndinafika ku Dziwe la Nkhalamba, m'phiri muja, ndi miyendo yangayi, osapumira panjira. Wondifikitsa kumeneko ndi amene mukuwanenawa, ndipo ine ndakhala chete ngati chitsiru." Anakoka kambale kake n'kuyamba kudya.

Lines sanapepese. Anadya nandolo wake, anatsanzika, ndipo pamsika alipo ena amene mpaka lero amanong'ona. Esperanca sanapite kwa aliyense kukadziyeretsa.

M'mawa mwake anagona mopitiriza, chinthu chimene sanachitepo chiyambire matendawo. Anadzidzimuka atamva kugogoda pazenera. Panja panali Bryson, nsapato atavala kale, jekete la mkazi wake lili m'manja.

"Amake Tamanda, dzuwa litipeza. Tiyeni."